A Zuze ndi Kapitawo Wawo

Bambo anga, a Zuze, anamwalira mwezi wathawu, ndipo tambala wawo anaphedwa maliro awo asanatuluke m'nyumba. Pa imfa ya bambo ndilibe mlandu ndi munthu. Anali atakalamba, mtima unali utatopa, ndipo Mulungu anatenga wake. Koma pa za tambala uja ndili ndi mawu, ndipo ndiwanena ngakhale abale akundiuza kuti mayi wamkulu ngati ine salirira nkhuku.

Anthu a kuno kwa Makhuwira amene ankabwera kudzandipepesa ankati bambo anali munthu wofatsa. Limenelo ndi bodza la pamaliro. Bambo sanali munthu wofatsa. Anali munthu waliuma. Akangoti "nkhabe", amene ndi "ayi" wa Chisena cha kwawo kwa amayi awo kutsidya kwa malire, ndiye kuti nkhani yathera pomwepo. Kaya ubwere ndi abusa, kaya ubwere ndi misozi, sankasuntha. Ine ndinakhala nawo pakhomo limodzi kuyambira pamene amuna anga anamwalira, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena. Tinkakangana za mchere wa m'ndiwo, za nthawi yobzala mbatata kudimba, za wailesi imene ankaitsegula mokweza chonsecho iwo akugona. Koma kwambiri tinkakangana za tambala.

Pa unyamata wawo bambo ankadula nzimbe kutsidya kwa Shire. Kumeneko anabwerako ndi msana wopindika, chikwanje chimodzi ndi tupa wonolera chikwanjecho. Anabwerakonso ndi dzina la tambala. Anamutcha Kapitawo, ati chifukwa amadzutsa anthu kusanache, sagwira khasu, ndipo amayenda pabwalo ngati analigula. Koma ankawonjezera kuti Kapitawo wa nthengayu anali bwino kuposa akapitawo onse amene anawadziwa, chifukwa akapeza chakudya ankayamba waitana akazi ake, iye n'kudya pambuyo.

Anali tambala wamkulu, wofiira ngati njerwa yopsa bwino, wa mchira wakuda ndi lipombo lopendekera mbali imodzi. Anali ndi diso limodzi. Ndipo ndisabise, anali woipa. Munthu wachilendo akaponda pabwalo, iye ankasiya kudya n'kuyamba kubwera chammbali, phiko limodzi akulikwekweza pansi. Ukangotembenuka kuti uthawe, wakupeza kale, miyendo yonse iwiri m'mwamba. Zikhadabo zazitali zija za kuseri kwa miyendo zinkang'amba ngati minga. Misongolo yanga ili ndi zipsera zake mpaka lero. Ana a m'mudzi anasiya kudzatola masawu kuseri kwa nyumba yathu. Mkulu wa mpingo wina anabwera kudzatiyendera, n'kupemphera ali pamwamba pa mtondo wosinjira, Baibulo akulikupiza ngati akuthamangitsa njuchi.

Tsiku lina atandikhadzula ndikuchokera ku mjigo, ndowa n'kutayika, ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpeni. Bambo anali pampando wawo pansi pa mtengo wa nimu.

"Mpeniwo ukupita nawo kuti, Fagesi?"

"Lero tidya nyama, bambo. Taonani mwendo wangawu."

"Ndauona. Unathawa?"

"Nanga ndikanaima kuti andimalize?"

"Ndiye wapalamula ndiwe. Bweza mpeniwo, utenge lichero."

Lichero limenelo linali lakale, lobooka pakati, ndipo linkakhala pa msomali pafupi ndi chitseko. Silinkapetanso kanthu. Ntchito yake inali yotchinga Kapitawo. Bambo anali ndi malamulo awo okhalira ndi tambala wolusa, ndipo ankawanena kwa aliyense, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. Ankati usamuthawe, chifukwa wothawa amamuuza tambala kuti bwalo ndi lake. Usamumenye ndi mwendo kapena ndi ndodo, chifukwa kwa iye imeneyo ndi ndewu, ndipo mawa adzabwera kudzaimaliza. Ungoika lichero patsogolo pa miyendo, n'kupitiriza kuyenda molunjika kumene ukupita, iye apatuke yekha. Ndipo lalikulu pa onse: usagwire thadzi kapena mwanapiye iye akuona. Ukafuna kugwira nkhuku, yamba wamuvundikira iyeyo m'dengu, mwala pamwamba.

Iwo eni ankachita china chimene ine ndinkachiona ngati misala. M'mawa uliwonse ankamugwira, n'kumupanira m'khwapa ngati mtolo wa fodya, mutu utasuzumira kutsogolo. Ndiye ankazungulira naye pakhomo ponse: kukhola la mbuzi, kunkhokwe, mpaka kumsewu kukapereka moni kwa odutsa. Ankati mathadzi azimuona atanyamulidwa, nayenso azikumbukira kuti pamwamba pa kapitawo pali mwini munda. Akaona kuti zikhadabo zija zasongoka kwambiri, ankakhala naye pansi, n'kumukulunga ndi thumba, n'kuzipala nsonga ndi tupa yemwe uja wa ku nzimbe. Ankamuyankhula m'Chisena uku akupala, akumutcha dzongwe wawo, ndiye kuti tambala wawo. Ine mwana wawo wobala sanandiyankhulepo ndi mawu ofewa chotero, ndipo zimenezo ndinkawauza.

Woyandikana nafe nyumba ndi a Thomu, amene ndi mkulu wa adzukulu okumba manda m'mudzi muno. A Thomu anali ndi chizolowezi chodutsa pabwalo pathu popita kukamwa uchema, poti njira yozungulira ankati ndi yaitali. Tsiku lina akubwerako, chigubu chili m'manja, Kapitawo anawalandira. Anathamanga n'kukodwa pa chingwe cha mbuzi, uchema wonse n'kumwedwa ndi dothi.

"A Zuze!" anakuwa ali chigonere. "Chilombo chanuchi tsiku lina ndidzachidya ndi tsabola!"

"Mudzayamba mwakumba manda anga," anatero bambo osadzuka n'komwe pampando. "Ndipo mukumbe akuya, ndingadzatulukemo."

Anakhala osayankhulana mpaka mvula inagwa. Kenaka a Thomu anayamba kuzungulira njira yaitali ija, n'kumaima kumpanda kufunsa ngati bwana ali m'dengu asanalowe. Anakhalanso mabwenzi monga kale.

Mwina mukufunsa chimene bambo ankasungira chinthu chotere. Kuno kukatentha, udzu ukapsa, mitengo ikayoyoka masamba, mwanapiye alibe pobisala. Ndiyo nyengo ya kabawi. Amazungulira m'mwamba mwakachetechete, ndipo pamene waona mthunzi wake, watenga kale. Anzathu onse ankaswetsa anapiye ambiri n'kukula mmodzi kapena awiri. Kwathu ankakula pafupifupi onse. Kapitawo sankadya mutu uli pansi nthawi yaitali. Ankadya pang'ono, n'kupendeketsa mutu kuyang'ana kumwamba. Akaona kanthu ankalira kulira kwina, kwakutali ndi kokanda m'khutu, kosiyana ndi kwa m'mawa. Akangotero, bwalo lonse linkayera, nkhuku zonse zili pansi pa nkhokwe, iye yekha ataima pamtetete.

Diso lija analitaya chomwecho. Kabawi anatsika pa mwanapiye amene anachedwa, ndipo Kapitawo anakumana naye asanakwere. Ndinaona ndi maso anga fumbi ndi nthenga zikuuluka. Kabawi anathawa wopanda kanthu, koma tambala anatsala magazi ali chuchuchu kumaso. Bambo anamutsuka ndi madzi ofunda a mchere, n'kumamudyetsa mapira m'manja mpaka anachira. Chaka chimene madzi osefukira anakokolola dimba lathu, nkhuku zimene iye analera n'zimene tinkasinthanitsa ndi mapira kumtunda. Anzathu ankakumba m'dambo nyika, timizu ta m'madzi todya pa njala, ife tinkadya nsima. Bambo sankaiwala chinthu chotero, kaya wachita ndi munthu kaya ndi nkhuku.

Tsopano ndinene za achimwene anga, a Lenadi, mwana wamwamuna yekhayo wa bambo. Amagwira ntchito ku Blantyre. Akazi awo oyamba atasiyana nawo anakwatira ena, ndipo anatumiza uthenga kuti akubwera kudzawaonetsa kumudzi. Sindinawaonepo bambo atasangalala ngati nthawi imeneyo. Anandisesetsa bwalo kawiri. Anazira okha khonde. Anatulutsa jekete lawo la kutchalitchi n'kulivala dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, akudikira kumsewu.

Alendo atafika, bambo anandituma kuti ndiwauze alamu anga malamulo a pabwalo, poti iwo sakanatha kulongolola ndi apongozi awo tsiku loyamba. Ndinawauza zonse. Ndinawaonetsa lichero. Ndinati anapiye aja muziwaona ndi maso okha. Anaseka, n'kunena kuti kwawonso nkhuku ziliko.

M'mawa mwake ndili kukhitchini ndinamva thadzi likukuwa. Alamu anali atatola mwanapiye, atamuika patsaya, dzanja lina atatambasula ndi foni kuti adzijambule. Ndinakuwa kuti amuponye pansi, koma Kapitawo anali atanyamuka kale. Anawamenya m'miyendo kawiri. Diresi inang'ambika, foni inagwera m'beseni la madzi otsukira mbale, ndipo magazi anatsika mpaka mu nsapato. Ndinathamanga ndi lichero, bambo n'kumugwira tambalayo n'kumuvundikira.

Ndinawatsuka bala alamu anga. Analira pang'ono, kenaka n'kuyamba kuseka okha, n'kunena kuti anachenjezedwa. Pa nkhani yonseyi ine ndilibe nawo chifukwa mayi amene uja. Amene anayaka moto ndi achimwene.

"Bambo, tambala ameneyu afe lero."

"Pepa, Lenadi. Apongozi apepese. Ndalakwa ndine, ndinachedwa kumuvundikira."

"Sindikufuna pepani. Mlendo amamuphera nkhuku, si choncho? Ndiye nkhuku yake ndi imeneyi. Fagesi, bweretsa mpeni."

Sindinasunthe. Ndinayang'ana bambo.

"Nkhuku ya apongozi ilipo kale," anatero bambo. "Ndinaisankha musanabwere."

"Ine ndikunena iyi. Yavulaza mkazi wanga pakhomo panu."

"Anamva mwana wake akulira, anabwera. Iweyo wamva mkazi wako akulira, wabwera. Ndikuphe nawenso?"

"Mukundiyerekeza ndi nkhuku?"

"Ndikuti wagwira ntchito yake. Sindipha mlonda chifukwa walondera."

"Ndiye sankhani, bambo. Ine kapena tambala wanuyo."

Pamenepo munthu wina aliyense akanafewa. Akanati chabwino mwananga, tidzapeza wina. Ine ndinkapemphera mumtima kuti atero. Bambo anavula jekete lija pang'onopang'ono, n'kulipinda, n'kuliika pampando.

"Nkhabe," anatero.

Anapita okha kukhola n'kugwira thadzi lonenepa kuposa onse, limene linali likuikira mazira. Kuno munthu sapha thadzi loikira pokhapokha mlendoyo ndi wolemekezeka zedi. Anapha okha, n'kundipatsa kuti ndiphike. Alamu anadya, n'kuthokoza. Achimwene anakankha mbale, n'kudya nsima ndi therere ngati mwana wonyanyala. Kutacha anaitana njinga zamoto ziwiri n'kunyamuka osatsanzika bwino.

Sanabwerenso. Nyengo za mvula zinadutsa, Khirisimasi zinadutsa. Ankatumiza shuga ndi sopo pa minibasi, nthawi zina ankaimba foni kwa ine kufunsa ngati mdala ali bwino. Ndikati nawa yankhulani nawo, ankati mayunitsi atha. Bambo nawo sanatchulepo dzina lawo. Koma njinga yamoto iliyonse ikamveka ikuchepetsa liwiro kumsewu, ankasiya chimene akuchita n'kutchera khutu mpaka itadutsa. Ndinkaona zimenezi tsiku ndi tsiku ndipo zinkandiwawa. Ndinawauza kangapo kuti bambo, iphani tambalayu, ndiwaimbire achimwene kuti mwapha, abwere. Ankandiyankha kuti mwana amene angabwere chifukwa cha mutu wa nkhuku adzachokanso chifukwa cha mchira wa mbuzi. Ndinkawakwiyira. Ndikuwakwiyirabe. Amuna awiri akuluakulu, wina wa imvi wina wa ndevu, kulephera kutumizirana mawu amodzi okha, ine n'kumakhala pakati ngati chitseko chimene aliyense akumenyetsa.

Chaka chino miyendo ya bambo inayamba kutupa, mpweya n'kumawathera akangoyenda pang'ono. Anasiya kupita kudimba. Anasiya kunyamula Kapitawo, chifukwa manja analibenso mphamvu. Ankangokhala pampando paja pansi pa nimu kuyambira m'mawa. Chodabwitsa, tambala uja sanawalumphirepo ngakhale anaona kuti afooka. Anakumba kadzenje kosambira fumbi pafupi ndi mwendo wa mpando, n'kumagona pomwepo masana, diso lake limodzi lili kumwamba.

Ndi nthawi imeneyo pamene anandiphunzitsa kumugwira. Ndinkakana, koma anandiumiriza.

"Usamuyang'ane kumaso. Pita mbali ya diso lakufa. Eya. Tsopano manja onse pamapiko, msanga! Usamugwire ngati ukugwira moto, Fagesi, akudziwa kuti ukuopa."

"Ndikuopadi, bambo!"

"Opa, koma usamasule."

Ndinamupanira m'khwapa. Mtima wake unkagunda pa nthiti zanga mofulumira, thupi lili lotentha. Sindinkadziwa kuti chinthu cholusa chotero chingakhale chopepuka choncho. Ndinazungulira naye bwalo, bambo akuseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Takhuta." Limenelo ndi zikomo wa Chisena, ndipo kwa ine linkatuluka mwa kamodzikamodzi.

Atatsala pang'ono kumwalira anandiitana n'kundiuza zimene ankafuna. Sananene za munda, sananene za nyumba. Anati pamaliro pawo adzukulu adzafuna nkhuku monga mwa mwambo, ndipo ndidzapereke atambala ang'onoang'ono awiri amene anali atayamba kumene kulira. Anati Kapitawo ayi. Thadzi lakuda linali litafungatira mazira, nyengo ya kabawi inali itafika, ndipo ine ndikanatsala ndekha pakhomo. Anati sakundisiyira ng'ombe, akundisiyira nkhuku ndi mlonda wake. Anaitanitsanso a Thomu n'kuwauza zomwezo ine ndikumva. A Thomu anati, "Ndamva, a Zuze, tsabola ndamusiya." Onse awiri anaseka.

Tsiku la maliro ndinachita monga anandiphunzitsira. Anthu asanachuluke ndinamugwira Kapitawo n'kumuvundikira m'dengu kuseri kwa khitchini, mwala pamwamba, kuti asavulaze olira. Atambala ang'onoang'ono aja ndinawamanga miyendo n'kuwaika poonekera. Kenaka ndinalowa m'nyumba ya siwa kukakhala kumutu kwa bambo, pamalo pa mwana wamkazi. Amene akudziwa mwambo wathu akudziwa kuti ukakhala pamenepo sudzukadzuka. Za kunja zimayendetsedwa ndi amuna.

Achimwene anafika m'mawa umenewo. Analowa, anagwada, analira mokweza, anthu n'kumati taonani chikondi cha mwana. Atatuluka anatenga udindo wonse, poti ndiwo mwana wamwamuna. Zimene zinachitika kuseri kwa khitchini anandiuza pambuyo pake ndi a Thomu eni ake. Akuti anyamata atabwera kuchokera kumanda kudzatenga nkhuku, achimwene anayang'ana atambala awiri aja n'kunena kuti ndi tinthu tochititsa manyazi, anthu adzati a Zuze anaikidwa ndi anapiye. Anafunsa kuti wamkulu uja ali kuti.

"Ameneyo ayi, a Lenadi," anatero a Thomu. "Malemu anakana. Anandiuza ine ndi pakamwa pawo."

"Malemu ali m'nyumba umo. Pano mwini maliro ndine."

"Ife awiriwa atikwanira. Sitinadandaule."

"A Thomu, inu ntchito yanu ndi khasu. Za pakhomo pano zisiyeni."

Akuti palibe mnyamata amene anafuna kuvundukula dengu lija. Onse ankamudziwa Kapitawo, ndipo onse anali atamva mawu a bambo. Achimwene anachotsa okha mwala, n'kulowetsa dzanja pansi. Tambala amene anathamangitsa mudzi wonse anamugwira ali mumdima wa dengu, wopanda pothawira, wopanda podumphira.

Ine ndinamva. Amayi a mpingo anali pakati pa nyimbo, koma kulira kuja kunapyoza nyimboyo. Kunali kulira kwa kabawi, kuja kouza ena kuti bisalani. Ndinadzambatuka. Amayi awiri anandigwira chitenje n'kundikokera pansi.

"Khalani pansi, amayi. Limbani mtima. Mwana wa malemu satuluka."

"Ndisiyeni, akupha tambala!"

"Chisoni chawasokoneza," anatero wina, n'kuyamba kundisisita pamsana. Anakweza nyimbo. Kulira kuja kunaduka. Ndinayang'ana nkhope ya bambo, nsalu itawamanga chibwano, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kuona chinthu chikuchitika pakhomo pawo iwo osatha kunena kuti nkhabe.

Adzukulu anadya, ena n'kumadandaula kuti nyama yake ndi yolimba ngati lamba wa njinga. A Thomu sanadye. Akuti anatenga nsima yawo n'kukakhala patali, n'kudyera mchere.

Anthu atabalalika, tsiku lometa litadutsa, ndinawapeza achimwene akulongedza chikwama.

"Achimwene, munadikira kuti atseke maso."

"Ukunena chiyani?"

"Ali moyo munalephera. Munadikira agone chagada, manja atawapinda, ine atanditsekera m'nyumba, ndiye mwapambana."

"Iwe Fagesi, usandiyambe. Tili pa chisoni. Imene ija ndi nkhuku chabe."

"Ngati ndi nkhuku chabe, n'chifukwa chiyani simunabwere nthawi yonseyi? Ankamvetsera njinga iliyonse yodutsa pamsewu apo. Iliyonse, achimwene. Chifukwa cha nkhuku chabe?"

Anatseka zipi ya chikwama n'kuitsegulanso. Alamu, amene anabwera nawo kumaliro, anali pakhomo, maso ali pansi. Patapita nthawi achimwene anati akafika ku Blantyre adzanditumizira tambala wina, wa mtundu wabwino, wamkulu, wofatsa, woti ngakhale mwana angamunyamule.

Ndinamva mawu akutuluka m'kamwa mwanga, ndipo sanali anga. "Nkhabe," ndinatero.

Mazira a thadzi lakuda anaswa maliro atangotha. Anapiye anali okongola, ena ofiirira ngati bambo wawo. Kabawi sanachedwe kudziwa kuti pabwalo palibe mwini. Woyamba anamutenga ine ndikuona, ndili ndi ndowa pamutu. Panalibe kulira kulikonse kochenjeza. Kunangomveka mphepo ya mapiko, thadzi n'kuyamba kukuwa zitachitika kale. Atambala ang'onoang'ono aja, amene anapulumuka mpeni, ndiwo anali oyamba kulowa pansi pa nkhokwe. Ndinayesa kutsekera anapiye m'dengu, koma kutentha kwa kuno kumawapha msanga kuposa kabawi. Ndinayesa kukhala pakhomo, koma mbatata kudimba sizidzilimira zokha. Tsiku lililonse ndikabwerako ndimapeza achepa. Ng'azi nayo yayamba kubwera masana kuchokera kumtsinje, imalowa m'khola n'kumwa mazira mosafulumira, ngati yaitanidwa. Dzulo thadzi lakuda linkayenda lokha pabwalo, likuitana ana amene kulibe.

Achimwene anaimba foni sabata yatha kufunsa ngati ndikusowa kanthu. Ndinawauza kuti mayunitsi awo asawataye.

Tsopano pakhomo pano pafatsa, monga anthu ankafunira. Ana abwerera kudzatola masawu. Mbuzi za eni zimalowa mpaka pakhonde. Anthu apanga njira yachidule pakati penipeni pa bwalo, ndipo ena sapereka n'komwe moni. A Thomu okha ndi amene amazungulirabe njira yaitali ija, n'kuima kumpanda kanthawi asanalowe, ngakhale palibe chofunsa. Atambala ang'onoang'ono aja amalira mochedwa, ndiye m'mawa ndimadzutsidwa ndi atambala a kutali, ndipo nthawi zina dzuwa limandipeza pamphasa.

Jekete la bambo lili pa chingwe m'chipinda. Tupa ali pamwamba pa khoma pomwe anamusiya, wayamba dzimbiri. Lichero lobooka lija lidakali pa msomali pafupi ndi chitseko, ndipo dzanja langa limalitengabe ndikamatuluka. Ndimafika nalo pakati pa bwalo ndisanakumbukire kuti palibe chotchinga. Mpando unalowetsedwa m'nyumba nthawi ya maliro ndipo sindinautulutsenso. Pansi pa nimu patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inazama m'dothi, ndi kadzenje kosambira fumbi pambali pake. Mphepo ya masana ikukwirira zonsezo pang'onopang'ono ndi masamba ouma. Ndikamasesa, pamenepo ndimapazungulira.